Mmene mungakulitsire mpamba wa 100 Cr mu Elite ya pa BBC Micro

Gemu ya Elite imakuyambitsani ndi chombo chimodzi cha m'mlengalenga cha mtundu wa Cobra Mk III, thanki yodzaza mafuta, mizinga itatu ndi ndalama 100 Cr basi (Cr ndi Credits, ndalama za mu gemuyi). Muli pa doko la m'mlengalenga la dziko la Lave, dzina lanu ndinu Commander Jameson, ndipo palibe amene akuuzeni kolowera. Gemuyi anailemba ndi David Braben ndi Ian Bell ali ophunzira ku Cambridge, ndipo kampani ya Acornsoft inaitulutsa mu 1984 pa kompyuta ya BBC Micro, yomwe memory yake inali 32K yokha. Mkati mwa kamalo kochepako anapanikizamo milalang'amba 8, uliwonse wokhala ndi maiko 256.

Ambiri amaikumbukira ngati gemu yowomberana m'mlengalenga. Kuwomberana kulimodi, koma mfuti yabwino imafuna ndalama, ndipo ndalamazo zimachokera ku geni: kupikula pamene katundu watchipa, kukagulitsa pamene wakwera. Aliyense amene anaodapo tomato kapena kaunjika sachedwa kuimva. Manambala onse amene ndikupatseni ndi a Elite ya pa BBC Micro. Ya pa ZX Spectrum ndi ya pa Commodore 64, zomwe Firebird inatulutsa mu 1985, zili ndi maiko omwewo, koma mabatani ake ndi ena.

Choyamba, yatsani makinawo

Simufunika BBC Micro yeniyeni. Pali mapulogalamu otchedwa emulator amene amachititsa kompyuta ya lero kugwira ntchito ngati yakalekaleyo. Yachangu kwambiri ndi jsbeeb ya Matt Godbolt, yomwe imayenda mu browser popanda kuika chilichonse. Ngati mukufuna kusewera kwa masabata, ikani BeebEm pa Windows, chifukwa imalola kusunga pamene mwalekezera. Mafayilo a gemuyi Ian Bell anawaika patsamba lake la pa intaneti. Sankhani Elite ya pa disiki, osati ya pa kaseti, chifukwa ya pa disiki ndiyo ili ndi zombo ndi zida zambiri.

Pa BBC Micro disiki imayamba mukagwira SHIFT n'kudina BREAK. Mu emulator BREAK amakhala F12. Batani lofiira la f0, lomwe kiyibodi ya lero ilibe, limakhala F10. Mabatani a f1 mpaka f9 ali pamalo pake.

Muli pa doko, f1 ndi yogulira, f2 yogulitsira, f3 yogulira mafuta ndi zida, f5 ndi mapu a maiko oyandikira, f6 imafotokoza za dziko limene mwaloza, f7 ndi mitengo ya pamsika, f8 ndi mbiri yanu, f9 ndi katundu amene muli naye. Lembani zimenezi pa tsamba loyamba la kope, ndipo kopelo likhale pambali panu nthawi zonse. Musanyozere, ndi chida chenicheni.

Chachiwiri, phunzirani kukocheza musanagule kanthu

Apa ndi pamene ambiri amaisiyira gemuyi. Doko limazungulira mosalekeza, khomo lake ndi kampata kopyapyala ngati ka bokosi la makalata, ndipo mukagunda khoma mwafa pamodzi ndi katundu yense. Ine achifwamba andipha kangapo ndithu, koma khoma la doko landipha kochuluka kuposa iwo. Choncho musanaike tambala pa malonda, yesererani pa Lave pompo, chombo chili chopanda kanthu.

Dinani f0 mutuluke. Dziko likhala kutsogolo kwanu, doko kumbuyo, chifukwa khomo la doko nthawi zonse limayang'ana dziko. Imeneyo ndiyo mfundo yaikulu ya kukocheza konse. Pitani kutsogolo pang'ono, kenaka chepetsani liwiro ndi batani la ? mpaka mutsale pang'ono kuima. Gwirani X kuti mphuno ya chombo ikwere, muzungulire mpaka doko lionekere kutsogolo. S imatsitsa mphuno, < ndi > zimapendeketsa chombo, SPACE imawonjezera liwiro. Chombochi chilibe batani lokhotera kumanzere kapena kumanja: mumayamba mwapendekeka, kenaka n'kukweza kapena kutsitsa mphuno.

Ikani khomo pakati penipeni pa sikirini. Ngati mukuona mbali ina ya doko, ndiye kuti simuli pamzere, bwererani mukayambirenso. Yandikirani pang'onopang'ono. Khomo likakula, yambani kupendekeka molingana ndi mmene doko likuzungulirira, modina ndi kusiya, modina ndi kusiya, kuti khomolo lioneke logona chopingasa osati choimirira. Likadzaza sikirini lili chopingasa, wonjezerani liwiro pang'ono mulowe. Chitani zimenezi kasanu motsatizana osafa, ndiye mupitirire. Chenjezo limodzi: chala chisakhudze A mukuyang'ana doko. A ndi yowombera, ndipo apolisi a zombo za Viper amatuluka nthawi yomweyo.

Chachitatu, mvetsani makwerero a mitengo

Mitengo ya mu Elite siyendera mphekesera kapena nyengo. Dziko lililonse lili pa sitepe imodzi mwa masitepe 8, ndipo f6 imakuuzani sitepe yake. Kuchokera pamwamba: Rich Industrial, Average Industrial, Poor Industrial, Mainly Industrial, Mainly Agricultural, Rich Agricultural, Average Agricultural, Poor Agricultural. Anayi oyambawo ndi maiko a mafakitale, anayi otsirizawo ndi a ulimi.

Mukatsika sitepe imodzi, mtengo wa katundu aliyense umasuntha ndi mlingo wake wokhazikika. Tani ya makompyuta imakwera ndi 5.6 Cr pa sitepe iliyonse: 61.6 pamwamba penipeni, 100.8 pansi penipeni. Katundu wapamwamba wotchedwa Luxuries amakwera ndi 3.2, makina ndi 2.4. Za kumunda zimayenda mosemphana: chakudya chimatsika ndi 0.8, mowa ndi vinyo ndi 2.0, ubweya ndi 3.6. Pamwamba pa zimenezi gemu imathirapo kanambala kamwayi nthawi iliyonse mukadumphira ku dziko latsopano. Pa makompyuta kanambalako sikapitirira 1.2 Cr, choncho mtengo wake mukhoza kuudziwa musananyamuke. Pa ubweya kamafika 25.2 Cr, ndiye ubweya ndi juga pang'ono.

Taonani msampha umene uli m'maina amenewa. Munthu angaganize kuti alimi olemera ndiwo angagule makompyuta modula. Ayi. Amene amalipira kwambiri ndi alimi osauka a pansi pa makwerero, ndipo ndi omwewonso amagulitsa chakudya ndi ubweya motchipitsitsa. Msampha wina ndi maiko awiri a pakati aja, Mainly Industrial ndi Mainly Agricultural. Maina akuoneka ngati otsutsana, koma asiyana sitepe imodzi yokha, ndiye kuyenda pakati pawo n'kungotentha mafuta. Chimene mukufuna ndi maiko awiri otalikirana pa makwerero koma oyandikana pa mapu, chifukwa thanki yanu imangokwana mtunda wa 7 light years (muyezo wa mtunda pa mapuwo).

Zina ziwiri zoti mudziwe. Pa doko limodzi mtengo wogulira ndi wogulitsira ndi umodzi, choncho mukalakwitsa kugula mukhoza kubweza osaluza. Komanso kutuluka ndi kulowanso pa doko lomwelo sikusintha mitengo. Imasintha pokhapokha mukadumpha.

Chachinayi, ulendo woyamba

Lave ndi Rich Agricultural. Pa tsiku loyamba chakudya chili pa 3.6 Cr tani imodzi, nsalu pa 6.0, mowa pa 23.2, ubweya pa 52.4. Chombo chimanyamula matani 20. Diso limathamangira ku ubweya, koma 100 Cr ikugulirani tani imodzi yokha, chombo n'kupita chopanda kanthu.

Mpamba ukakhala wochepa, musafunse kuti tani imodzi ibweretsa zingati. Funsani kuti 1 Cr iliyonse ibala zingati. Poyankha funso limeneli chakudya chilibe mnzake, chifukwa chimagulitsidwa pafupifupi kuwirikiza kawiri. Gulani matani onse 16 amene alipo, ndi 57.6 Cr. Onjezanipo matani 3 a nsalu, 18 Cr, ndi tani imodzi ya mowa, 23.2 Cr. Zonse pamodzi 98.8 Cr, chombo chadzaza, m'thumba mwatsala 1.2 Cr. Za mafuta musade nkhawa, thanki ndi yodzaza kale.

Musananyamuke dinani @ musunge gemu. Muzichita zimenezi pa doko lililonse.

Tsegulani f5, lozani Zaonce, muone f6: Average Industrial, Corporate State, Tech Level 12 (mlingo wa zaumisiri wa dzikolo). Mawu akuti Corporate State akunena za boma la kumeneko, ndipo boma ndilo limanena kuchuluka kwa achifwamba panjira. Corporate State ndi Democracy ndi kwabata. Kenaka kumabwera Confederacy, Communist, Dictatorship, Multi-Government, Feudal, mpaka Anarchy komwe kulibe lamulo. Pa mapu omwewo muona Riedquat, dziko la Poor Agricultural lomwe mitengo yake ndi yokopa. Ndi Anarchy. Ndi kamfuti kamene muli nako panopa, musapiteko.

Tulukani ndi f0, dinani H kuti mudumphire ku Zaonce, dikirani kuwerenga kuthe. Mukafika, kampasi yaing'ono ya pamwamba pa scanner (yoonetsa zombo zoyandikira, m'munsi mwa sikirini) chakumanja imaloza dziko. Ikani kadontho kake pakati, thamangani ndi liwiro lonse, ndipo dinani J kuti mufupikitse ulendo. J imakana pakakhala chombo china pafupi kapena mukayandikira dziko. Ikakana dziko lili kutali, yang'anani scanner, mwina muli ndi alendo. Mukafika pafupi, chilembo S chimayaka ndipo kampasi imayamba kuloza doko. Musalunjike doko kuchokera kumene muli. Pitani kaye pakati pa doko ndi dziko, mutembenuke, kenaka muchite zimene munayeserera pa Lave.

Ku Zaonce chakudya sichitsika pansi pa 6.8, nsalu pa 7.6, mowa pa 31.2. Ngakhale tsiku loipitsitsa mutuluka ndi 164 Cr.

Chachisanu, pezani njira yanu muikakamire

Dzazani thanki kaye pa f3. Mafuta ndi 2 Cr pa light year, thanki yonse 14 Cr. Kuiwala mafuta n'kuthera ndalama zonse pa katundu kumachitika, ndipo mankhwala ake ndi kubweza tani imodzi. Ndi zotsalazo gulani matani 2 a makompyuta pa 67.2 kapena kuposerapo pang'ono, mupite nawo ku Isinor, dziko la Poor Agricultural lolamulidwa ndi Confederacy, komwe agulidwe pa 100.8. Phindu ndi 33.6 Cr pa tani. Pobwerera, chakudya cha ku Isinor chili pa 2.0 mpaka 2.4, ndipo ku Zaonce chikagulidwa kuwirikiza katatu. Mowa umayambira pa 19.2.

Njira ya Zaonce ndi Isinor ndiyo ndimaikonda, chifukwa maikowa asiyana masitepe 6. Ina ndi ya Leesti ndi Diso. Leesti ndi Poor Industrial ya Corporate State, Diso ndi Average Agricultural ya Democracy, ndipo ali moyandikana kwambiri. Kumeneko makompyuta mumagula pa 72.8 n'kugulitsa pa 95.2, phindu 22.4. N'lochepa, koma njira yake ndi yabata. Ngati manja anu sanazolowere nkhondo, yambani ndi imeneyi, palibe manyazi.

Pa ubweya gwiritsani lamulo ili. Ku Isinor umakhala pakati pa 45.2 ndi 70.4, ku Zaonce pakati pa 66.8 ndi 92.0. Mukaupeza pansi pa 60, gulani wochuluka mmene mungathere, chifukwa simungaluze. Ukapitirira 66, usiyeni, tengani mowa.

Pakapita maulendo angapo muona kuti vuto lasintha. Poyamba ndalama zimatha chombo chisanadzaze. Tsopano chombo chikudzaza ndalama zisanathe. Imeneyo ndiyo nthawi yotembenuza funso lija: muzifunsa kuti tani imodzi ibweretsa zingati. Chakudya, chomwe chinakuimikani pa miyendo, chimangobweretsa 4.8 Cr pa tani, ndiye chizikhala chodzazira mipata yotsala basi. Ambiri amachedwa kuzindikira kusinthaku, amangonyamulabe chakudya ndi nsalu mwa chizolowezi pamene m'thumba muli ndalama zongogona.

Ndalama zongogonazo zili ndi kopita. Golide ndi pulatinamu amayezedwa pa makilogalamu, miyala ya mtengo wapatali pa magalamu, ndipo sizitenga malo m'chombo. Golide amasuntha pang'ono, pakati pa 36.0 ndi 41.6. Pulatinamu ndiye wabwino, amayenda pakati pa 62.8 ndi 80.8. Mukamupeza pansi pa 68 gulani, musunge m'chombo mpaka tsiku limene mudzamuone pamwamba pa 75. Apa ndi pamene kope lija limalipira: dzina la dziko, sitepe yake, boma lake, ndi mitengo ya katundu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene mumachita naye geni.

Chachisanu ndi chimodzi, zida: chiti chiyambe

Large Cargo Bay ndi 400 Cr, ndipo imakweza malo kuchoka pa matani 20 kufika pa 35. Palibe chida china chimene chimabweza ndalama zake msanga chotere: matani 35 a makompyuta kuchokera ku Zaonce kupita ku Isinor amabweretsa 1,176 Cr ulendo umodzi. Koma musaigule tsiku limene mwangokwanitsa 400 Cr, chifukwa mutsala ndi nkhokwe yaikulu yopanda chimanga. Matani 20 a makompyuta amadya pafupifupi 1,350 Cr. Dikirani mpamba upitirire pamenepo, ndiye mugule. Pa njira ya Leesti dziwaninso kuti msika wa kumeneko umakhala ndi matani 28 mpaka 31 okha a makompyuta. Malo otsalawo muikemo Luxuries, omwe amabweretsa pafupifupi 12.8 pa tani, kuposa makina.

Chotsatira anthu amatsutsana. Ena amati mfuti ya Beam Laser ya 1,000 Cr, ena amati Docking Computer yomwenso ndi 1,000 Cr. Ine ndimati ziwerengeni imfa zanu. Ngati zambiri zachitikira pa khomo la doko, gulani Docking Computer, muzingodina C chombo n'kudzilowera chokha. Imapezeka kuyambira pa Tech Level 9, kutanthauza kuti ku Lave, ku Diso ndi ku Isinor kulibe, koma ku Leesti ndi ku Zaonce ilipo. Ngati mumakocheza bwino koma achifwamba akukuvutani, yambani ndi mfuti, kenaka E.C.M. ya 600 Cr yomwe imaphulitsa mizinga imene akuponyerani mukadina E. Mzinga wanu umodzi ndi 30 Cr: T imaukonzekeretsa, ukagwira mdani M imauponya. Kuponya 30 Cr kuti mupulumutse katundu wa 2,000 Cr si kuwononga.

Fuel Scoops ndi 525 Cr. Amati ndi zotungira mafuta aulere pafupi ndi dzuwa, koma kupsa chombo chifukwa chopulumutsa 14 Cr n'kupanda nzeru. Phindu lake lenileni ndi kutola migolo ya katundu imene imatsala mukaphulitsa chombo cha achifwamba. Katundu ameneyo mpamba wake ndi ziro. Muzingoyang'ana f9 mukatola, chifukwa mumgolo mukhoza kupezeka zoletsedwa. Ndi chida chomwechi mumatolera Alien Items, katundu amene sagulitsidwa pa msika uliwonse, amangochokera ku tizombo ta a Thargoid, zolengedwa zachilendo zimene ndi adani mu gemuyi.

Za katundu woletsedwa

Pa katundu 17 wa pamsika, atatu ndi oletsedwa: akapolo, mfuti ndi mankhwala ozunguza bongo. Msika umakugulitsani popanda funso, koma mukangotuluka nazo pa doko mbiri yanu pa f8 imachoka pa Clean kupita pa Offender, ndipo mukanyamula zambiri imafika pa Fugitive. Apolisi amayamba kukusakani. Mbiriyo imayera pang'onopang'ono, mlandu umachepa ndi theka nthawi iliyonse mukafika ku dziko latsopano, bola musanyamulenso.

Mtengo wa mankhwalawo umadabwitsa: pena wotsika zedi, pena pamwamba pa 90, popanda dongosolo looneka. Chifukwa chake chili m'makina enieniwo. Kompyutayi imasunga mtengo mu byte imodzi, yomwe imangowerenga mpaka 255, ndipo nambala ikapitirira pamenepo imayambiranso pa 0. M'kawerengedwe ka mu byte kameneka, osati mu Cr, mankhwalawo amayambira pa 235 n'kumakwera ndi 29 pa sitepe, kanambala kamwayi n'kuwonjezanso mpaka 120, ndiye amangodumpha malirewo. Mtengo wa 49.6 umene mukuuona ku Lave pa tsiku loyamba ndi nambala yomwe yazungulira kale. Phindu likhoza kukhala lalikulu, koma simungaliwerengere musananyamuke, ndipo pa makompyuta mungathe. Ine ndimawasiya.

Mukatopa ndi njira imodzi

Mukakhala ndi malo a matani 35, mfuti yabwino, E.C.M. ndi Extra Energy Unit ya 1,500 Cr yowonjezera mphamvu za chombo, maiko ngati Riedquat asanduka msika osati manda. Kumeneko ndi kumene mulingo wanu wa nkhondo umakwera, kuchoka pa Harmless kudutsa Mostly Harmless, Poor, Average, Above Average, Competent, Dangerous, Deadly, mpaka Elite, womwe umafuna kuphulitsa zombo 6,400. Musanayambe zimenezo gulani Escape Pod ya 1,000 Cr. Mukadina ESCAPE zinthu zitavuta mumataya katundu, koma mumapatsidwa chombo china ndipo mbiri yanu imayera.

Galactic Hyperdrive, yodumphira ku mlalang'amba wotsatira, ndi 5,000 Cr, imagwira kamodzi kokha mukadina CTRL ndi H, ndipo imangopita kutsogolo. Kuti mudzaonenso Lave muyenera kuzungulira milalang'amba yonse 8, kugula chidachi kasanu ndi katatu. Choncho musanadine, dzazani thanki ndi mizinga, nyamulani makompyuta ndi pulatinamu, ndipo musiye ndalama zina m'thumba. Kumene mukafike maina onse ndi achilendo, koma makwerero a mitengo ndi omwe aja. Mukakocheza pa doko loyamba, sungani gemu, tsegulani tsamba latsopano m'kope, dinani f5, muyambe kuloza maiko oyandikira limodzilimodzi ndi f6 mpaka mupeze Poor Agricultural yomwe ili pafupi ndi Rich Industrial.